A Chagunda ndi Manaini a Kumanda

Loweruka lapitali chakwana chaka chimwalirire a Chagunda. Anthu olongosoka pa tsiku lotere amavala bwino n'kupita kukaika maluwa. Ine ndinangopezeka ndili pamsewu wa ku Malaga, dera la mafakitale kuno ku Perth, mbatata zophika zili pampando wa galimoto, monga ndinkachitira Loweruka lililonse ndikakhala kuti sindili kumgodi. Ndinazindikira nditaima pamaloboti kuti kulibe munthu woti akadye mbatatazo. Ndinadzitukwana, ndinakhota, ndinabwerera kunyumba. Ndawasowa mkulu uja, ndisaname. Ndawasowa ngakhale kuti anali munthu wotopetsa kuposa aliyense amene ndinagwirapo naye ntchito.

Ndineneretu chimene chinkawadya. A Chagunda anawalakwira anzawo ena, a Faisoni a ku Phalombe, onse adakali anyamata. Anakhala nacho chinthucho kuno ku Perth zaka zoposa makumi anayi, osapepesa. Atakalamba anafuna kukonza, koma ankafuna kukonza mwa njira yawo, ndipo njira yawoyo inali yaitali. Zaka ziwiri zomaliza za moyo wawo ine ndi amene ndinkawathandiza, uku ndikuwakalipira kuti afulumire nkhalamba ziwirizo zisanafe.

Amalawi a kuno ankawadziwa kuti bambo wa manambala. Anali wamtali, woonda, ndipo ankavala jekete ngakhale mu Januwale, pamene dzuwa la kuno limafewetsa phula pamsewu. M'thumba la shati munkakhala mapensulo awiri, ati imodzi imathyoka tsiku limene ukuifunitsitsa. Ukawapatsa nambala ya foni sankangolemba n'kumapita ayi. Ankalemba, n'kukuwerengera mokweza, iwe uvomere, kenako n'kukupatsa pepalalo kuti nawenso uwawerengere. Pamaliro a mayi wina wa ku Zambia, atcheyamani atalengeza nthawi imene basi inyamuke, a Chagunda anaimirira pakati pa anthu akulira n'kupempha kuti abwereze ndipo wina avomereze. Azimayi anang'ung'udza, wina mpaka anatsonya. Iwo analibe nazo ntchito. Chiphunzitso chawo chinali chakuti nambala imene yaonedwa ndi munthu mmodzi sinakhale nambala, ikadali mphekesera.

Ine ndimagwira ntchito ya za miyala kumpoto: milungu iwiri kumgodi, mlungu umodzi mutauni, kupita ndi kubwera pandege. Kampani yathu imasunga miyala yobowoledwa pansi m'shedi ina ku Malaga, ndipo kuseri kwa shediyo kunali kachipinda kamene mwini wake anawalola a Chagunda kuti aziswerako atapuma pantchito. Tsiku limene tinakumana ndinali ndikukalipira mnzanga pafoni m'Chichewa, ndikumunena kuti wasokoneza mabokosi a miyala. Ndinangomva mawu kumbuyo kwanga.

"Mayi, musamukalipire mwana wa eni. Amene mwadumpha bokosi ndinu."

Ndinacheuka ndili wokonzeka kuyankha zamwano, koma ndinapeza nkhalamba ikuloza bokosi ndi pensulo. Ankanena zoona. Anandifunsa mfunda wanga, ndipo kuyambira tsiku limenelo dzina langa lenileni linatha ntchito. Ndinali Nachisale basi.

Ntchito yawo moyo wonse inali yoyeza mphamvu ya maginito m'miyala. Munthu amayenda m'tchire motsata mzere atanyamula kamakina. Akayenda mapazi angapo amaima, kamakinako kamapereka nambala, mnzake amalemba m'buku. Pamene pansi pali miyala yachitsulo nambala imakwera, ndipo manambala onse akaikidwa pamapu amaonetsa pofunika kubowola. Masiku ano ine ndimaona mapu otere pa laputopu tiyi asanazizire. Nthawi yawo kompyuta yotha ntchito imeneyi inali ku Sydney, yodzaza chipinda chathunthu, ndipo anagwira nayo ntchito zaka zambiri osaionapo ndi maso. Ankalankhula nayo kudzera pafoni. Ati umaimba nambala, ukamva kulira kwa tswiii umakanikiza chogwirira cha foni m'timakapu tiwiri tamphira, kenako n'kuyamba kutaipa manambala pamakina ooneka ngati taipilaita. Yankho linkabwera mawa lake, makinawo akudzilembera okha papepala lalitali lopindapinda mpaka pansi.

Kompyutayo ankaikamba ngati wachibale wovuta wokhala kutali. Ankangoti uja wa ku Sydney. Amati uja sanama komanso saganiza: ukamupatsa bodza amalisamalira bwinobwino n'kukubwezera litavala suti. Tinkakangana pa zimenezi pafupifupi Loweruka lililonse. Ndikawaonetsa mapu amitundumitundu a kumgodi kwathu, ankayang'ana pamwamba pa magalasi n'kufunsa kuti, "Pofiira apa anayeza ndani?" Ndikayankha kuti ndege, amati ndiye ndege ija inawerengerana ndi ndani? Ndinkawauza kuti dziko linapita patsogolo, iwo anatsalira pa siteji. Amaseka, n'kusenda mbatata yanga, n'kunena kuti ya kuno ndi yamadzimadzi, koma ankaimaliza yonse.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Deni, anabadwira konkuno. Ndi bambo wamkulu wa ana awiri, amayendetsa malole a katundu ku Kewdale. Chichewa amamva koma amayankha m'Chingelezi cha kuno chija chotulukira m'mphuno. Mayi ake a Deni anamwalira ine ndisanabwere. Kunyumba kwa Deni a Chagunda anali ndi chipinda chabwino, koma kukacha ankakwera basi kupita ku kachipinda ka ku Malaga, ati kunyumba kulibe ntchito. Kumudzi sanapiteko chibwerere, ngakhale pamaliro a mayi awo. Anthu ankati mwina ndi za ndale za nthawi ija, ndipo iwo sankatsutsa.

Chifukwa chenicheni ndinachidziwa chifukwa cha manja anga osamva. Tsiku lina ndikufuna pepala lolembapo ndinatsegula sutikesi yachitsulo imene inali pansi pa tebulo lawo. Munali mabuku asanu ndi awiri achikuto chakuda, odzaza manambala olembedwa ndi dzanja lokongola lomwe silinali lawo. M'buku lachinayi munagwa kalata yabuluu, ija yopinda yokha popanda envulopu. Ndisanaitole, a Chagunda anali ataiponda ndi nsapato.

"Kwanu ku Lilongwe anakuphunzitsani kupisa m'katundu wa eni?"

Sindinawaonepo atakwiya chotero. Ndinapepesa, koma anandithamangitsa, ndipo ulendo wotsatira nditabwera kuchokera kumgodi anandiyankha moni ngati wa pabasi. Ulendo wachitatu ndi pamene anandiuza kuti nditseke chitseko ndikhale pansi. Anafotokoza osandiyang'ana, maso ali pa mapensulo awo.

Ali mnyamata, iwo ndi a Faisoni ankagwira ntchito kukampani ina yaing'ono yofufuza miyala, imene inatha kalekale. Anayenda limodzi mapiri a ku Phalombe chilimwe chathunthu. A Chagunda ankanyamula kamakina n'kumatchula manambala, a Faisoni ankalemba n'kumabwereza mokweza. Ankagona m'tenti imodzi, ankamwera botolo limodzi. Mzere wina unadutsa m'mudzi wa a Faisoni eni ake n'kukalunjika pa nkhalango ya kumanda. Kumanda munthu sangolowako ngati kumunda, ndipo m'nkhalangomo munagona bambo awo a Faisoni. Sanakambirane n'komwe. Anazungulira, n'kukayambiranso kuyeza tsidya lina. Pamalo asanu ndi amodzi amene anadumpha, a Faisoni anajambula timizere m'buku n'kulemba pambali kuti manda.

Kenako kampani inasankha a Chagunda kuti abwere ku Perth ndi mabukuwo, adzaphunzire kutumiza manambala ku kompyuta ija ndi kubweretsa mapu. Muofesi imene anafikira munali lamulo: munthu satumiza yekha. Wina aziwerenga m'buku, wina aziyang'ana zimene zataipidwa, zikagwirizana ndiye zipite. Aliyense ankapatsidwa ola lake pafoni ija pamlungu, ndipo la a Chagunda linali Lachisanu masana. Lachisanu limenelo mzungu amene ankawerenga nawo anaweruka msanga, ati kunyanja kuli mafunde abwino. A Chagunda akanatha kudikira mlungu wina. Koma mabwana kumudzi ankadikira, ndipo iwo ankafuna aonetse anthu a muofesimo kuti Mmalawi safuna womugwira dzanja.

Anataipa okha. Makina aja sankalola malo opanda kanthu, ndiye chizolowezi chinali chakuti pamene sipanayezedwe umaikapo manaini okhaokha, 99999, ndipo pamwamba pa zonse umalemba mzere wouza kompyuta kuti manaini si nambala, isawawerengere. Manaini anaika. Mzere wapamwambawo anaiwala. Munthu wachiwiri akanaona zimenezi asanakhale n'komwe pampando. Uja wa ku Sydney anatenga manainiwo ngati muyezo weniweni, ndipo Lolemba mapu anatuluka ali ndi dontho lakuda bii pamalo amodzi, ngati pansi pake pali chitsulo chokwana dziko lonse. Ofesi yonse inabwera kudzawagwira chanza. Tsiku lomwelo mapu ananyamuka pandege kupita ku Malawi.

"Patapita masiku atatu ndinatsegula buku lachinayi," anatero. "Ndinaona timizere ta a Faisoni. Ndinadziwa pomwepo, Nachisale. Ndiye ndinatseka buku."

Kumudzi mabwana anawauza a Faisoni kuti atsogolere anthu obowola kupita pa dontho lija. A Faisoni anakana, anati pamenepo ndi pamanda ndipo sitinayezepo. Anawafunsa kuti inu ndi sitandade yanuyo mukufuna kutsutsana ndi kompyuta ya kunja? Mabuku oti akawaikire umboni anali kuno. Ndi pamene analemba kalata yabuluu ija. A Chagunda anandipatsa kuti ndiwerenge. Inali yaifupi: moni, za mvula, kenako mawu akuti, "Achimwene, auzeni anthuwa kuti paja sitinayezepo. Ine sakundimva, koma inu akumvani."

Mlungu umene kalatayo inafika ndi umenenso kampani ya kuno inawaitana kuti iwalembe ntchito yokhazikika, chifukwa cha mapu omwewo. Sanayankhe kalata. Anadziuza kuti ayankha mawa, ndipo mawalo anabala mawa ena. Zotsatira anazimva kwa msuweni wawo patapita nthawi. Anthu obowola anagwetsa mitengo m'mphepete mwa nkhalango, analowetsa lole, anabowola osapeza kanthu. Kampani inati wolemba manambala ndi amene analakwitsa, ndipo a Faisoni anachotsedwa ntchito. Kumudzi nako anthu anati ndi iwo amene anabweretsa makina pamanda a bambo awo. Anakhala zaka zambiri abale awo enieni osawalola kugwira khasu pamaliro.

Ndinakwiya, ndipo sindinabise. Munthu amene ankandichititsa manyazi chifukwa cha bokosi limodzi, yemwe uja woimitsa maliro chifukwa cha nthawi ya basi!

"Bambo, mlandu suwola. Tengani pensulo yanuyo mulembe kalata lero. Ndikaponya ndine."

"Sindingapite chimanjamanja," anayankha. "Mawu anga atha ntchito. Ndikufuna ndiwapatse mapu oona. Nambala iliyonse iwerengedwe ndi anthu awiri, ndipo pamanda paja pakhale poyera, anthu aone kuti a Faisoni sananame."

Ndinawauza kuti zimenezo n'zosavuta, ndijambula masamba onse ndi foni, pofika madzulo mapu atuluka. Anandiyang'ana ngati ndanena kuti tikabe nkhuku. Anati kuthamanga n'kumene kunawafikitsa pamenepa, ndipo mutu umodzi susenza denga. Ngati sindikufuna, apeza wina. Analibe wina, tonse tinkadziwa.

Ndiye tinayamba. Loweruka lililonse limene ndinali mutauni, iwo ankatsegula buku, chala pamzere, n'kumatchula: "Firii, tuu, eyiti, folo, wani." Ine ndinkataipa pa laputopu n'kubwereza. Iwo amati, "Yagwira." Kenako ina. Tikamaliza tsamba tinkasinthana, ine buku, iwo magalasi pafupi ndi laputopu. Kunja mafokolifiti akulira, anyamata a m'shedi akutiseka kuti tikupemphera korona. Nthawi zina ankaima pakati pa tsamba n'kunena kuti apa panali mtengo wa masuku, a Faisoni anadya mpaka kutsegula m'mimba. Apa tinathawa njuchi, taonani dzanja lanjenjemera. Apa mayi wina anatipatsa thobwa poganiza kuti tikufuna malo a chitsime. Manambala aja kwa iwo anali njira, ndipo ankaiyendanso phazi ndi phazi. Ine Phalombe sindinafikeko, koma pali zigwa zina zimene ndikhoza kukulondolerani.

Vuto linali liwiro. Maso awo ankatopa msanga, masamba anayi basi ayamba kuona manambala awiriawiri. Ine ndimapezeka Loweruka limodzi pa atatu. Nditawerengera ndinaona kuti titenga zaka, ndipo a Faisoni, ngati anali moyo, sanali mwana. Ndinafufuza kudzera kwa mnzanga wina wa ku Mulanje, ndipo patapita miyezi iwiri yankho linabwera: alipo, maso ndi amene akuvuta, amakhala ndi mwana wawo wamkazi, a Esinati, aphunzitsi a pulaimale. Ndinalemba nambala ya a Esinati papepala n'kuika patebulo. A Chagunda anaiwerenga mokweza, ine ndinavomera, anaipinda bwinobwino n'kuika m'thumba la shati. Inakhala mmenemo chaka chathunthu.

Mkangano wathu waukulu unali pa nambala imeneyo. Tsiku lina kukutentha, ine nditatopa ndi ndege ya dzulo lake, ndinatseka laputopu mwamphamvu.

"Zengerezu adalinda kwawukwawu, bambo. Munthu uja akamwalira mawa, mapu anuwo mukawapatsa ndani? Si mapu amene akukuchedwetsani. Mukuopa basi."

Ndinkayembekezera kuti andikalipira. Anangovula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi.

"Eya, ndikuopa," anatero. "Pano ndikamawerenga dzanja lawoli, tidakali pa ubwenzi. Ndikaimba, mwina zithera pomwepo."

Ndikanakhala munthu wanzeru ndikanakhala pansi. Ine ndinanyamula chikwama n'kumenyetsa chitseko, ndipo Loweruka langa lotsatira sindinapite. Ndinapita kukagula makatani. Mpaka lero ndikawaona makatani amenewo mtima umandiwawa, chifukwa masamba amene tikanawerenga tsiku limenelo ndi ena mwa amene anadzatsala.

Nditabwerera sanatchule za mkanganowo. Anangoti mbatata zachedwa. Tinali m'buku lachinayi, ndipo chapakati pa m'mawa umenewo chala chawo chinaima. Ndinadziwa kuti tafika. Kenako ananena mokweza ngati akutchula nambala ina iliyonse:

"Palibe."

"Palibe," ndinabwereza, n'kusiya malowo opanda kanthu.

"Yagwira."

Tinatero kasanu ndi kamodzi. Pomaliza mawu awo anali atasasa. Anatseka buku, anatulutsa kampango, n'kundiuza kuti fumbi la m'shedi muno lidzatipha. Tsiku limenelo sitinapitirize.

Anayamba kudwala tili m'buku lomaliza. Mtima. Anawagoneka kuchipatala china mutauni, ndipo nthawi yoona odwala ndinkapita ndi laputopu. Anamwino ankaganiza kuti tikuwerenga za mpira. Tsiku lomaliza kuwaona tinatha tsamba limodzi lokha. Ndikutsanzika kuti mawa ndikwera ndege, anandigwira dzanja n'kunena kuti ndisachedwe, kwatsala masamba asanu ndi anayi. Ndinawauza kuti asathawe ntchito. Anamwalira ine ndili kumgodi, Lachisanu masana, ndipo Deni anandiimbira ndili pakati pa fumbi nditavala chipewa cholimba. Nambala ya a Esinati anaipeza m'thumba la shati imene anapita nayo kuchipatala.

Masamba otsalawo ndikanatha kuwataipa ndekha pa ola limodzi. Ndinatsegula buku, ndinayamba, koma manja anakana. Ndinamuimbira Deni. Anabwera atavala yunifolomu yake ya malole, osadziwa chilichonse cha nkhaniyi, ndipo ndinamufotokozera yonse. Nditamaliza anakoka buku n'kuyamba kutchula manambala m'Chingelezi chake chija. Tsamba loyamba ankangoti eya. Pofika lachitatu anandifunsa kuti kodi adadi ankati chiyani nambala ikakhala bwino. Ndinamuuza. Anayesa kutchula, linatuluka lopindika, koma anapitiriza nalo mpaka kumapeto.

Mapu ndinawasindikiza papepala lalikulu. Dontho lakuda lija kunalibe. Chitsulo cha nzeru kunalibenso paliponse, phiri wamba basi, ndipo chapakati panali kamalo koyera, kakang'ono ngati chikhadabo. Ndinawatumiza ndi munthu wopita kumudzi, pamodzi ndi buku lachinayi ndi kalata yanga yofotokoza zonse za manaini. Kalata yabuluu ija ndinaisunga, sindinaitchule. Ndinkaganiza kuti nkhalamba ndiichitire chifundo.

A Esinati atandiuza kuti katundu wafika, ndinapita ku Malaga kukaimbira komweko. Kunali masana kuno, kwawo kukadali m'mawa. Deni anali atachotsa kale katundu wa bambo ake, chifukwa mwini shedi ankafuna chipindacho. Nditapereka moni, a Esinati anati adadi ali pompano pakhonde, kalata ndawawerengera kawiri, mapu ali pamiyendo pawo koma saona bwino. Ndinamva mawu a nkhalamba akufunsa chapatali.

"Esinati, pamanda paja pali chiyani?"

"Palibe chilichonse, adadi. Ndi poyera."

"Ehe!" Anaseka, kuseka kwa munthu wopanda mano. "Ndinkanena ine. Uyitane a malume ako adzaone ndi maso awo. Bweretsa foniyo."

Anandithokoza mwaulemu, anafunsa za matenda, anafunsa ngati anzawo anaikidwa bwino ndiponso ngati kunali anthu. Ndinati kunali anthu ambiri. Kenako anatsitsa mawu.

"Mayi, pali kanthu kamodzi. Nthawi imene ija ndinawalembera kalata achimwene angawo. Anthu kuno ankati akutaya mnzako, wadya za azungu. Ine ndinkawauza kuti ayi, kalata inasochera, kunja n'kutali. Munthu uja akanailandira sakanakhala chete. Zaka zonsezi ndakhala ndikutero. Inasochera, eti?"

Kalatayo inali m'chikwama changa. Kunena kuti eya kunali kosavuta, ndipo palibe akanadziwa. Ndinatsegula pakamwa kuti nditero. Koma ndinali nditakhala zaka ziwiri ndi munthu amene bodza limodzi linamutsekera njira ya kwawo, ndipo sindikanatha kuwapatsa a Faisoni lina pamwamba pa mapu oona.

"Inafika, bambo. Ndili nayo pano."

Pafoni ndinkangomva nkhuku ndi wailesi ya kwa aneba awo. Ndinaganiza kuti ndaipha nkhalamba ya eni, ndipo ndinadzida.

"Anaisunga?"

"Anaisunga."

"Ili bwanji?"

"Yatha m'mopinda monse, bambo. Anamata ndi tepi kawiri. Ankaitsegula kawirikawiri."

"Chitsiru," anatero a Faisoni, koma motsitsa, ngati mmene umanenera mwana amene wagwa pamtengo umene unamuletsa. "Chitsiru cha munthu. Akanangobwera. Ndikanawatukwana tsiku limodzi, mawa lake tikanakhala pakhonde pano."

Sananene kuti akhululuka, ndipo ine sindiwaikira mawu m'kamwa. Anapuma mwamphamvu kangapo, kenako anandifunsa kumene ndinali. Nditawauza kuti ndili m'chipinda chimene anzawo ankagwiriramo ntchito, anati popeza maso alibe ndipo ndege sadzakwera, ndiwauze mmene mulili, ndisasiye kanthu.

Ndinayang'ana uku ndi uku. Munalibe zambiri zoti n'kunena. Ndinawauza kuti ndi kachipinda kakang'ono, kosakwana n'komwe bedi ndi kabati. Zenera lilipo limodzi, limayang'ana khoma la malata la anthu okonza matayala. Tebulo achotsa, pakapeti patsala timaenje tinayi pamene panali miyendo yake. Pakhoma pali misomali itatu yopanda kanthu, ndipo m'munsi mwake muli waya wakale wa foni amene anapakidwa penti limodzi ndi khomalo. Pafupi ndi chitseko kapeti yaperepeseka mpaka kuoneka simenti. Zimene zatsala ndi mipando iwiri yapulasitiki, chifukwa ndi ya mwini shedi.

"Iwiri?" anafunsa. "Winawo unali wa ndani?"

"Wa munthu wowerenga nawo, bambo."

"Ndiye unali wanga umenewo," anatero.

Sindinawatsutse. A Esinati anatenga foni n'kunena kuti adadi atopa, tidzalankhulanso. Nditatsitsa foni ndinakhalabe chiimire pakati pa chipindacho. Mipando ija inali itayang'anizana, pakati pake popanda tebulo, ndipo sindinakhale pa uliwonse.